Kufufuza zimene zimautsa khalidwe lovuta la achimwene anga: Ogasiti mpaka Novembala 2025

4 Ogasiti 2025: kope, wotchi ndi mizere isanu ndi umodzi

Achimwene anga ali ndi zaka 36. Anadwala malungo a mu ubongo ali ndi zaka zisanu, ndipo ngakhale anatuluka amoyo ku chipatala cha Queen Elizabeth kuno ku Blantyre, matendawo anawasiyira khunyu ndi ulumali wa mu ubongo umene umawachititsa kuchedwa kumvetsa zinthu. Amalankhula mawu owerengeka monga "mayi", "tiyi" ndi "tiyeni", amadya okha, amasesa pabwalo, ndipo m'mawa uliwonse amakankha wilibala ya zigubu kukatunga madzi. Kwa zaka zonsezi akhala munthu wofatsa. Kuyambira mu Juni zinthu zasintha: amadzimenya ndi chibakera kumaso, amadziluma pamkono mpaka kutuluka magazi, amaponya mbale, ndipo mu Julayi anakankha amayi mpaka kugwera pakhonde. Zitatero, kuchipatala anawawonjezera mankhwala a matenda a maganizo otchedwa chlorpromazine, akumwa usiku, pamwamba pa mankhwala awo a khunyu, koma kudzimenyako sikunaleke.

Pakhomo pano aliyense ali ndi yankho lake. Amayi akuti ndi phokoso la magalimoto a zimkuzamawu amene akuzungulira ndi nyimbo zokopa anthu pa chisankho. Amalume akuti tiwatengere ku Zomba akagonekedwe. Anansi ena akuti alodzedwa, ena akuti tiziwamanga akayamba. Zomanga munthu ndazikana kwamtuwagalu. Ganizo langa ndi lakuti munthu amene wakhala wodekha zaka makumi atatu sasintha popanda chifukwa, ndipo popeza sangathe kutiuza ndi pakamwa, chifukwacho tiyenera kuchipeza polemba zimene tikuona.

Msuweni wathu amene amagwira ntchito yosamalira anthu a ulumali ku Leicester, ku England, wanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha fomu imene amagwiritsa ntchito kumeneko, yotchedwa ABC chart. Ndajambula yofanana nayo m'kope, ndi mizere isanu ndi umodzi: tsiku ndi nthawi, malo ndi anthu amene analipo, zimene zimachitika vuto lisanayambe, zimene achimwene anachita, zimene ife tinachita, ndi kutalika kwa nthawi imene zinatenga. Kope lachikuto cholimba ndagula K4,500, mabolopeni atatu K1,200, wotchi yapakhoma K11,000 ndi batire lake K800. Wotchi ndiyo yadya ndalama zambiri, koma masana pakhomo pamatsala amayi amene foni yawo imakhala m'chipinda, ndipo popanda nthawi yeniyeni zolemba zonse zikhala zongoyerekeza. Olemba tikhala atatu: ine, amuna anga akaweruka ku ntchito, ndi mwana wa achemwali anga wa ku sekondale amene timakhala naye.

18 Ogasiti 2025: masamba odzaza koma osathandiza

Titakhala pansi kuwerenga zimene talemba, tapeza kuti masamba adzaza koma sakutiuza kanthu. Mu mzere wa zimene achimwene anachita mwadzaza mawu monga "anakwiya", "anavuta" ndi "anachita makani". Mu mzere wa zimene zimachitika vuto lisanayambe, kawirikawiri mwalembedwa kuti "palibe". Nthawi yalembedwa kuti "masana" kapena "chakumadzulo" ngakhale wotchi ili pakhoma. Zambiri zinalembedwa usiku, wolemba akukumbukira za tsiku lonse, ndipo pofika nthawi imeneyo chimene chimatsala m'mutu ndi kugwa kwa mbale, osati chimene chinali m'mbalemo.

Mawu akuti "anakwiya" ndi chigamulo cha wolemba, si chimene maso ake anaona. Choncho tagwirizana zilembo zitatu: M ndi kudzimenya kumaso kapena kumutu, L ndi kudziluma, P ndi kuponya chinthu kapena kukankha munthu. Pa M tizilemba mbali imene amenya, pa L tizilemba mkono wake. Mawu akuti "palibe" tawaletsa. M'malo mwake wolemba aziyankha mafunso atatu: m'manja mwa achimwene munali chiyani, mawu omaliza amene anauzidwa anali otani, ndipo ndani amene anali atangolowa kapena kutuluka.

Amayi ndi amene amaona zambiri, koma maso awo sawerenganso zilembo zing'onozing'ono. Foni yawo ya mabatani ili ndi pojambulira mawu, kotero tsopano aziyenda nayo m'chilundu ndi kunena zimene aona pamodzi ndi nthawi ya pawotchi, ndipo mdzukulu wawo azikopera m'kope madzulo.

Vuto limene sitinaliyembekezere ndi lakuti kope lenilenilo linasanduka choyambitsa mkwiyo. Achimwene anazindikira kuti akangochita kanthu wina amathamangira kope n'kuyamba kuwayang'anitsitsa, ndipo tsiku lina analilanda n'kung'amba masamba. Ali ndi chifukwa chomveka chokhumudwira, pakuti palibe munthu wamkulu amene angakondwe kulembedwa pamaso pake ngati wolakwa. Masambawo tamata ndi selotepi ya K700. Kope tsopano likukhala kuchipinda, ndipo timalemba pa tizidutswa ta pepala iwo atadekha, tili pamalo ena. Ndinakhala nawo pansi n'kuwauza m'mawu ochepa kuti tikufuna kupeza chimene chikuwapweteka.

1 Seputembala 2025: tchati cha maola

Kuseri kwa kalendala yakale ndajambula timabokosi, masiku pamwamba, maola m'mbali kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku, ndipo chochitika chilichonse cha m'kope ndachiika m'bokosi lake ndi chilembo chake. Ntchito imeneyi sinadye ndalama, koma ndi imene yatitsegula maso. Zilembo za M zaunjikana pakati pa 12 koloko ndi 1 koloko masana, ndiponso pakati pa 6 koloko ndi 7 koloko madzulo, ndi zina zochepa pa nthawi ya tiyi wa m'mawa. Zilembo za L ndi P zamwazikana chakumadzulo. Mabokosi a pakati pa 8 koloko ndi 11 koloko m'mawa, pamene achimwene amasesa ndi kukankha wilibala, ndi oyera pafupifupi onse, ndipo mabokosi oyerawo ndi ofunika mofanana ndi odetsedwa chifukwa akusonyeza nthawi imene munthuyu amakhala pa mtendere.

Masiku amene magalimoto a ndale anadutsa tinawalemba X, ndipo sakugwirizana ndi masiku ovuta. Loweruka lina pabwalo la mpira panali msonkhano waphokoso kwambiri, achimwene anaima pampanda akuwomba m'manja motsatira ng'oma. Amayi sanakhutire. Anandiuza kuti, "Iwe, mwanayu ndinabereka ndine, phokoso salifuna." Sindinalimbane nawo, popeza misonkhanoyo itha posachedwa ndipo tchati chidzayankha chokha.

Poona kuti M akugwa pa nthawi ya chakudya, tinaganiza kuti vuto ndi njala ndi kudikira nsima, ndiye tinayamba kupakula theka la ola nthawi yakale isanakwane. Kudzimenya nako kunayamba kubwera msanga ndi theka la ola. Zimenezi zatiuza kuti chowavuta si kudikira chakudya, koma chinachake chimene chimachitika iwo akudya.

22 Seputembala 2025: tsamba lachiwiri, ndi zimene mwana anaona

Misonkhano yokopa anthu inatha masiku awiri chisankho cha pa 16 Seputembala chisanachitike, ndipo m'dera muno mwakhala bata, koma zilembo za M sizinachepe. Amayi avomereza okha kuti tiyang'ane kwina.

Msuweni anandikumbutsa kuti malangizo amene bungwe lolangiza za umoyo la NICE linatulutsa ku England mu 2015, okhudza khalidwe lovuta mwa anthu a ulumali wotere, amanena kuti matenda a m'thupi ndi ululu zifufuzidwe khalidwe likasintha, munthu asanaganiziridwe za mankhwala ogonetsa. Anafotokozanso kuti zoyambitsa zili mitundu iwiri: zina zimachitika pompopompo, monga kulandidwa chinthu, pamene zina zimakhala zikumudya munthu kwa maola kapena masiku, monga kusagona, kudzimbidwa kapena ululu. Munthu amene zachiwirizi zamugwira amakhala ngati tchire la mu Okutobala, limene kachitsa ka fodya kokha kamaliyatsa, pamene mu Febuluwale kachitsa komweko kakanangozima. Fomu yathu inkangogwira zoyambitsa za pompopompo. Choncho tawonjezera tsamba lachiwiri lolembedwa tsiku lililonse, kaya pachitika vuto kaya ayi: agona nthawi yanji ndipo adzuka kangati, adya chiyani ndipo asiya chiyani, amwa mankhwala nthawi yanji, agwa khunyu kapena ayi, apita kuchimbudzi kapena ayi, ndiponso ndani amene sanagone pakhomo.

Za kuchimbudzi zinativuta. Ine ndine mlongo wawo, sindingathe kufunsa kapena kulondola mchimwene wanga wamkulu pa nkhani yotere, ndipo amayi nawo akuti msinkhu umenewo unapita. Amuna anga avomera kutenga mbali imeneyi monga mlamu wawo, m'mawa asanapite ku ntchito, mwakachetechete ndiponso popanda ana kumva. Apeza kuti achimwene amatha masiku angapo osapita, ndipo akapita amavutika.

Koma amene wapeza chachikulu ndi mwana uja. Akukopera mawu a agogo ake anaima n'kunena kuti, "Mayi aang'ono, mwaona kuti amalume sakudyanso chimanga chokazinga? Ngakhale nzimbe akungoigwira." Tinabwerera m'kope ndi maso atsopano. Pafupifupi M aliyense ndi wa tsaya lamanzere. Phala ndi nthochi amamaliza bwinobwino, koma masiku a bonya, nyemba zosapsa bwino kapena nkhoko ndiwo odetsedwa kwambiri pa tchati. Pa tiyi, kudzimenya kumabwera akangomwa kamodzi tiyi ali wotentha, ndipo madzi ozizira a mu mtsuko amachita chimodzimodzi. Titawayang'ana akudya taona kuti amatafunira kumanja kokha. Mpweya wa m'kamwa mwawo nawo wasintha fungo. Tikukayikira dzino.

6 Okutobala 2025: kwa dokotala wa mano

Ulendo woyamba unalephereka. Tinakwera minibasi anthu atatu, K6,000 kupita ndi kubwera, ndipo tinafika mzere utatalika kale. Achimwene anapirira kutentha ndi kupanikizana kwa nthawi ndithu, kenako anayamba kudziluma, ndipo pofika pampando anakana kutsegula pakamwa. Panaperekedwa maganizo oti tiwagwire manja ndi miyendo, koma tinakana, chifukwa munthu akagwiridwa mwankhanza pampando umenewo kamodzi sadzalolanso kuufika, ndipo mano ndi ofunika kuonedwa moyo wake wonse.

Kunyumba tinagula tochi ya K3,500 n'kuyamba kuyeserera madzulo aliwonse. Amuna anga amakhala pampando, kutsegula pakamwa, ine n'kuwaunika ndi tochi ndikugwira supuni, kenako amanena kuti, "Alamu, tsopano inu." Poyamba achimwene ankangoseka. Kenako analola kutsegula pang'ono, ndipo patapita masiku analola kuti supuni ikhudze tsaya. Ndi tochi yomweyo tinaona dzino la kumapeto, pansi kumanzere, lakuda ndi lobooka, nkhama zake zitatupa.

Pa ulendo wachiwiri tinachita hayala galimoto pa K25,000 kuti tipewe minibasi, tinafika kusanadzaze anthu, ndipo ndinalowa ndekha kaye kukaonetsa tchati ndi mabotolo a mankhwala onse amene amamwa, popeza dokotala wa mano ayenera kudziwa za khunyu ndi mankhwala ake asanachite kanthu. Tinapempha kuti achimwene adikire panja pamthunzi ndi mlamu wawo mpaka nthawi yawo itakwana. Dokotala anapeza kuti dzinolo lachita mafinya, ndipo analemba mankhwala opha tizilombo ndi opha ululu, amene tinagula pa K7,500. Chotupa chitaphwa tinabwereranso, ndi hayala inanso ya K25,000, ndipo dzino linazulidwa atabaya jakisoni wochititsa dzanzi, achimwene atagwira dzanja la amayi. Chimene chinandikhudza mtima ndi chakuti mankhwala opha ululu atangoyamba kugwira ntchito, dzino lisanazulidwe n'komwe, mabokosi a masana pa tchati anayamba kuyera. Munthuyu wakhala ndi ululu umenewu kuyambira mu Juni, ndipo chibakera cha patsaya chinali njira yake yotilozera pamene pakupweteka.

27 Okutobala 2025: zimene dzino silinathetse

Zilembo za M zatsala apo ndi apo, koma L ndi P zidakalipo, ndipo tsopano popeza tchati chapepuka zikuoneka bwino pamene zaunjikana. Apa ndi pamene mzere wachisanu, wa zimene ife timachita, wayamba kutithandiza.

Kuponya zinthu kumabwera kawirikawiri mawu akuti "kasambeni" akangonenedwa madzulo, ndipo m'kope zikuoneka kuti akaponya beseni kapena sopo, kusambako kumalekeka tsiku limenelo. Kwa iwo kuponya ndi njira yodalirika yokanira, chifukwa palibe njira ina imene tinawapatsa. Titafufuza bwino tapeza kuti sakana kusamba kwenikweniko: masiku amene anasamba masana ndi madzi ofunda panalibe vuto. Chimene sakuchifuna ndi madzi ozizira, mdima wa m'bafa, ndi kudulidwa mwadzidzidzi akumvera wailesi. Tasunthira kusamba ku 4 koloko kudakali kowala, madzi timatenthetsa pa mbaula imene taphikira, ndipo timawachenjeza kaye powaonetsa thaulo n'kudikira nyimbo ya pa wailesi ithe.

Kudziluma kuli ndi magwero awiri. Oyamba ndi ana asukulu, amene chitsegulireni sukulu amadutsa pampanda masana n'kumawatchula mayina onyoza ndi kuyerekeza kayendedwe kawo. Ndinapita kwa makolo a ana amene tinawazindikira ndiponso kwa a mfumu a m'dera lathu, ndipo zachepa ngakhale sizinatheretu. Pa nthawi imene ana amaweruka, achimwene tsopano amakhala kuseri kwa nyumba akusankha nyemba ndi amayi. Magwero achiwiri ndi mawu akuti "dikirani", amene kwa munthu wosadziwa kuwerenga wotchi alibe malire. Kope lasonyezanso kuti akadziluma timathamanga ndi kapu ya tiyi kuti tiwatonthoze, kutanthauza kuti tiyi amabwera msanga akaluma mkono kuposa akanena mawu akuti "tiyi". Zimenezi tazitembenuza: akapempha ndi pakamwa timayankha nthawi yomweyo, ndipo ngati tiyi sanapse timawapatsa kapu ndi supuni kuti agwire, aone madzi ali pamoto. Akadziluma timateteza mkono ndi nsalu, kulankhula nawo motsitsa ndi kukhala nawo pafupi, tiyi n'kubwera pambuyo pake atadekha.

Ndinajambula pa foni zithunzi zisanu ndi zitatu za zinthu zawo zenizeni, monga tsache, wilibala, kapu, thaulo, wailesi ndi mphasa, n'kukatsukitsa pa K6,400, ndi timapepala tapulasitiki totetezera ta K2,000. Timazipachika pa chingwe motsatira dongosolo la tsiku, ndipo chinthu chikachitika iwo amachotsa okha chithunzi chake. Zithunzi zojambula pamanja zimene tinayamba nazo sanazimvetse, koma chithunzi cha kapu yawo yobiriwira anachizindikira nthawi yomweyo. Tikuwaphunzitsanso kukweza chikhatho ngati chizindikiro chakuti "basi, ndisiyeni", ndipo tagwirizana tonse kuti akachita zimenezi tizimvera, chifukwa chizindikiro chimene sichimveredwa munthu amachisiya n'kubwerera ku beseni.

Tsamba lachiwiri tinapita nalo ku kiliniki ya matenda a maganizo, ulendo wa K6,000. Likusonyeza kudzimbidwa ndi kuwodzera kwa m'mawa, ndiponso kuti masiku amene sanapite kuchimbudzi ndiwo amene L amachuluka. Dokotala anatsimikiza kuti chlorpromazine amatha kudzimbitsa, kuumitsa m'kamwa ndi kuwodzeretsa, ndiponso kuti amafuna kusamala mwa munthu wa khunyu chifukwa amatha kuchititsa kuti kugwa kubwere mosavuta. Malangizo a NICE aja amanena kuti mankhwala oterewa akaperekedwa chifukwa cha khalidwe, aunikidwe pakatha milungu itatu kapena inayi, ndipo asiyidwe ngati pakatha milungu isanu ndi umodzi palibe kusintha. Dokotala wayamba kuwachepetsa pang'onopang'ono. Aliyense amene angatsatire njira yathuyi asachepetse kapena kusiya mankhwala payekha, makamaka a khunyu, amene kuwasiya mwadzidzidzi kungabweretse kugwa koopsa. Pa chakudya tawonjezera papaya, masamba ndi madzi akumwa, ndipo nsima ya mgaiwa yalowa m'malo mwa ya ufa woyera pa chakudya cha masana.

24 Novembala 2025: maliro, ndi pepala limodzi la pakhoma

Kumayambiriro kwa mwezi uno kunagwa maliro kumudzi, ndipo amayi ananyamuka m'bandakucha achimwene ali m'tulo. Tsiku lomwelo zilembo zonse zitatu zinabwerera pa tchati. Tikadakhala opanda kope tikanati ntchito yonse yapita pachabe, kapena kuti kuchepetsa mankhwala ndiko kwalakwika. Tsamba lachiwiri linasonyeza zina: usiku ankadzuka n'kukaima pakhomo la chipinda cha amayi, m'mawa ankakana wilibala, ndipo kudzimenya kwa ulendo uno kunali kwa pamphumi, osati patsaya. M'kamwa tinaunikamo ndi tochi, munalibe chotupa. Anali munthu amene mayi ake asowa popanda womuuza kumene apita.

Tinawaimbira amayi foni pa nthawi ya tiyi wa madzulo kuti achimwene amve mawu awo, ndipo tinapachika chithunzi cha amayi kumapeto kwa chingwe, ndi timiyala m'mbale towerengera usiku wotsala, iwo n'kumachotsa kamodzi m'mawa uliwonse. Kugona kunabwerera pang'onopang'ono amayi asanafike. Tagwirizana kuti kuyambira tsopano aliyense wochoka pakhomo kukagona kwina azitsazikana nawo maso ndi maso, ngakhale zitafuna kuwadzutsa, ndiponso kuti za maliro a m'banja aziuzidwa monga wamkulu aliyense wa pakhomo.

Zonse zimene tapeza ndazilemba pa pepala limodzi limene ndamata mkati mwa chitseko cha kabati, kuti aliyense wotsala nawo aliwerenge popanda alendo kuliona. Lili ndi zizindikiro zoyamba zimene zimaoneka vuto lisanakule, monga kusisita tsaya, kuyendayenda pakhonde ndi kung'ung'udza motsitsa, zoyambitsa zimene tazitsimikiza, zoyenera kuchita pa chilichonse, ndi lamulo lakuti khalidwe likasintha mwadzidzidzi tiziyamba taona m'kamwa, m'makutu, m'mimba, kutentha kwa thupi ndi tulo. Ndalama zonse zimene zalowa pa ntchitoyi ndi K99,600, ndipo zoposa theka zapita ku mayendedwe.

Fomu ya mizere isanu ndi umodzi tsopano tikuilemba pokhapokha pachitika chinthu, koma tsamba lachiwiri lipitirira tsiku lililonse mpaka dokotala atamaliza kuchepetsa chlorpromazine, chifukwa ndi limene adzaonere ngati tulo ndi khalidwe zikusintha. Pa tchati patsala kagulu ka zilembo za L Lamlungu masana tikabwera ku tchalitchi, ndipo mwezi wa Disembala tidzalemba padera nsapato zimene avala, malo amene akhala m'tchalitchimo, ndi nthawi imene adya tsiku limenelo.